Kuchoka kwa monitala kufika ku TTC: mbiri ya kusula aphunzitsi a Chingerezi m'Malawi

Mmodzi mwa aphunzitsi oyambirira kuima pamaso pa ana a sukulu m'dziko muno sanali mzungu. Anali Shadrach Mngunana, mnyamata wa mtundu wa Axhosa, yemwe ananyamuka kusukulu ya Lovedale ku South Africa m'chaka cha 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena awiri, kudzathandiza amishoni a Livingstonia amene anali atangomanga misasa ku Cape Maclear chaka chapitacho. Kwa Mngunana, Chingerezi chinali chiyankhulo chochita kuphunzira, ndipo Chinyanja cha ana omwe anawapeza kunyanjako chinali chachilendonso. Sanakhalitse. Anadwala n'kumwalira mu 1877. Koma vuto limene anakumana nalo, loti munthu aphunzitse ana chiyankhulo chomwe iye mwini sanayamwire, ndi limene sukulu zosula aphunzitsi zakhala zikulimbana nalo mpaka lero.

Amishoni anali ochepa, malungo ankawatha, pomwe midzi yofuna sukulu inali yambirimbiri. Njira yomwe anaipeza inali yotenga mwana wanzeru m'kalasi n'kumuika patsogolo pa anzake. Ameneyu ndiye ankatchedwa monitala. Mbali ina ya tsiku ankaphunzitsa ana ang'onoang'ono zilembo, mbali ina iye n'kukhala pansi kuphunzira kwa mzungu. Akakhwima ankatumizidwa kumudzi kukatsegula sukulu ya udzu, yomwe Lamulungu inkasanduka tchalitchi, ndipo nthawi ndi nthawi ankaitanidwa kumishoni kwa milungu ingapo kuti akawonjezere nzeru. Kusula aphunzitsi kunayamba chomwecho, mphunzitsi ali patsogolo pa ana ake ndi masamba ochepa okha a buku.

M'masukulu a m'midzi ana ankaphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chawo, masamu pang'ono, katekisimu ndi nyimbo. Chingerezi chinkapezeka pamishoni penipeni, ndipo kuchuluka kwake kunkatengera mpingo. Apa mpamene panagona nkhani yaikulu. A Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881 anapeza Atonga ali ndi ludzu la sukulu, makamaka la Chingerezi. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun pamwamba pa phiri ku Khondowe, ndipo maganizo ake anali oti tsiku lina idzakhale koleji yeniyeni. Kumeneko ofuna uphunzitsi ankakhala zaka zingapo, ndipo m'makalasi apamwamba maphunziro ankachitika m'Chingerezi. A mishoni ya Blantyre nawo anatsegula Henry Henderson Institute mu 1909. A Anglican a ku Likoma anali ndi koleji yawo ya St Michael's, yomwe inayambira ku Kobwe, kutsidya la nyanja m'dziko la Mozambique.

Pakati pa dziko zinthu zinali zina. Amishoni a Dutch Reformed, omwe anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma, ankakhulupirira kuti mwana wa m'mudzi akufunika Baibulo m'Chichewa, ulimi ndi ntchito zamanja, osati chiyankhulo chimene chingamuchotse pamudzi. Aphunzitsi awo anali akatswiri pa kuwerengetsa Chichewa, koma Chingerezi ankangochilawa. Akatolika, omwe anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, poyamba analimbikiranso masukulu a katekisimu m'chiyankhulo cha anthu. Choncho kumene mwana anabadwira ndi kumene kunkagamula ngati adzachidziwe Chingerezi kapena ayi, ndipo kusiyana kumeneku kunatsatira dzikoli kwa zaka zambiri.

A ku Nkhoma sananame pa chinthu chimodzi: Chingerezi chinkachotsadi anthu pamudzi. Mphunzitsi wa mishoni ankalandira mashilingi owerengeka, pomwe boma, maesiteti ndi migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni inkafuna akalaliki, omasulira ndi akapitawo odziwa kulemba kalata m'Chingerezi. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia akadali mnyamata, anaphunzitsa kanthawi kochepa, kenako mu 1915 anauyamba ulendo wa kumwera. Pofika 1919 anali ku Cape Town akukhazikitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU, limene linagwedeza olemba anthu ntchito m'dziko la South Africa. Za Kamuzu Banda nayenso anthu amasimba kuti anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso a uphunzitsi ku Chilanga, ku Kasungu, ataimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira n'kuganiza kuti akuonera mnzake. Posakhalitsa anayenda wapansi kulowera ku Rhodesia. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amishoni ankasula, eni migodi n'kumakolola, ndipo ambiri mwa aphunzitsi a Chingerezi chabwino anathera kutchona.

Boma la atsamunda silinkasangalala kwenikweni ndi munthu wakuda woyankhula Chingerezi. John Chilembwe, yemwe anaphunzira ku Virginia m'dziko la America, anatsegula masukulu ake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu kuyambira 1900. Nkhondo yake ya mu 1915 itatha, azungu a maesiteti analoza chala masukulu a mishoni, makamaka oyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda popanda mzungu wowayang'anira. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anaikira kumbuyo maphunzirowo pamaso pa komiti yofufuza, koma chikayiko chinatsala. Pa nthawi yonseyi boma linkangoponya kangachepe m'thumba la amishoni, ntchito yonse n'kuwasiyira.

Zinthu zinayamba kusuntha gulu lofufuza za maphunziro la Phelps-Stokes, m'mene munali James Aggrey wa ku Gold Coast, litayendera dziko lino mu 1924 n'kupeza kuti masukulu alipo ambiri koma aphunzitsi ake ngosaphunzira mokwanira. Mu 1926 boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Osankhidwa kupita kumeneko ankanyamuka ndi akazi awo. Mwamuna ankaphunzira kuyendera ndi kulangiza aphunzitsi a m'midzi, mkazi za ukhondo ndi kulera ana. Masatifiketi a uphunzitsi anagawidwa m'magiredi: panali mphunzitsi wololedwa kuphunzitsa m'chiyankhulo cha m'deralo chokha, ndipo pamwamba pake panali wa giredi ya Chingerezi, wa malipiro okwererapo ndi ulemu wake. Nzeru ya Phelps-Stokes inali yoti maphunziro agwirizane ndi moyo wa kumudzi. Koma anthu ophunzira, monga Levi Mumba ndi anzake a m'mabungwe a mbadwa, ankaona kuti kumana mwana Chingerezi n'kumutsekera khomo la ntchito ndi la ndale. Iwo ankapempha masukulu a boma ndi maphunziro apamwamba.

Sekondale inachedwa kwambiri. Blantyre Secondary inayamba mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Kufikira nthawi imeneyo, komanso kwa zaka zambiri pambuyo pake, wolowa uphunzitsi ankachokera ku Sitandade 6 kapena kutsikirapo. Kaphunzitsidwe kake kanali ka kuloweza: malamulo a galamala, kuphwanya chiganizo m'zigawozigawo, kulemba zimene mphunzitsi akutchula, kunena ndakatulo pamtima, ndi mkwapulo pambali. Mpaka lero akuluakulu amanyadira kuti wa Sitandade 6 yakale ankalemba Chingerezi choposa cha wa Fomu 4 wamakono. Pali choona pamenepo, koma amaiwala sefa imene anthu amenewo anadutsamo. Mwa ana ochuluka amene ankayamba Sabu A, ofika Sitandade 6 anali owerengeka, ambiri a iwo akuluakulu ndithu, okhala pamishoni pomwe Chingerezi ankachimva m'mawa ndi madzulo.

Ufulu utayandikira, akatswiri a maiko a Commonwealth anakumana ku Makerere m'dziko la Uganda mu 1961 kukambirana za kaphunzitsidwe ka Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri. Maganizo amene anafala kuchokera nthawi imeneyo anali oti Chingerezi chiphunzitsidwe m'Chingerezi chokhachokha, mwana achiyambe msanga, ndiponso kuti mphunzitsi wabwino koposa ndi amene anabadwa nacho. Patapita zaka, katswiri wa ziyankhulo Robert Phillipson anadzatsutsa maganizo onsewa m'buku lake la mu 1992, koma apo n'kuti atalowa kale m'makoleji a aphunzitsi mu Africa monse. Dziko la Zambia linawatsatira: kuyambira 1966 mwana wa ku Chipata kapena ku Katete ankaphunzira chilichonse m'Chingerezi kuyambira Giredi 1. Malawi anatenga njira ina. Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa mu 1968 unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo m'masukulu chinakhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Chingerezi chinali phunziro chabe m'makalasi amenewa, kenako pa Sitandade 5 n'kulanda zonse. Mwana wa ku Rumphi, wa ku Karonga kapena wa ku Mangochi anapezeka ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo, ndipo mphunzitsi wake sanakonzekeretsedwe kuthana ndi zimenezo.

Kusekondale kunali mpata waukulu chifukwa Amalawi a madigiri anali ochepa zedi. Achinyamata a Peace Corps ochokera ku America anayamba kufika mu 1963, a VSO ochokera ku Britain nawonso, ndipo m'masukulu ambiri ndi iwo anagwira choko cha Chingerezi. Mmodzi wa iwo, Paul Theroux, yemwe anadzakhala mlembi wotchuka, anapitikitsidwa m'dziko muno mu 1965 pa nkhani za ndale. Koleji ya Soche Hill ku Limbe, yomwe David Rubadiri anaitsogolerapo asanakhale kazembe, ndiyo inayamba kusula Amalawi oti akaphunzitse kusekondale. Inalowa mu Yunivesite ya Malawi, ndipo mu 1973 inaphatikizidwa ndi Chancellor College itasamukira ku Chirunga, ku Zomba. Aphunzitsi a Chingerezi otuluka ku Chirunga ankabwera atawerenga Shakespeare limodzi ndi Achebe ndi Ngugi, ndipo pang'onopang'ono analowa m'malo mwa alendo aja.

Kamuzu mwiniwake ankachikonda Chingerezi mwapadera. Pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, John Msonthi ndipo kenako John Tembo n'kumamasulira, ndipo sankachedwa kudzudzula galamala yopindika. Atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, aphunzitsi anawaitanitsa kunja, makamaka ku Britain, kudzaphunzitsa Chingerezi, Chilatini ndi Chigiriki. Uthenga kwa mphunzitsi wa Chimalawi unali womveka ngakhale unali wowawa. Kupulayimale, makoleji a boma ndi a mipingo ankapereka maphunziro a zaka ziwiri: wa JCE ankatuluka ndi T3, wa MSCE ndi T2. Oyendera masukulu ankangotulukira osalonjera, kufuna kuona sikimu ndi lesoni pulani. M'masukulu ambiri munali lamulo loti wogwidwa akuyankhula chiyankhulo cha kwawo apachikidwe kachikwangwani kapena kachigoba m'khosi, azisakasaka mnzake woti amusiyire, ndipo wotsala nako poweruka akalime kapena kusesa. Palibe koleji inkaphunzitsa zimenezo. Aphunzitsi ankangotengera zomwe iwo anachitiridwa, ndipo ana ambiri anaphunzirapo kukhala chete osati kuyankhula. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Masukulu a pakati ndi kumwera anataya aphunzitsi ambiri odziwa ntchito ochokera kumpoto, zidzukulu za sukulu zija za Dr Laws.

Amene analowapo m'kalasi ya Sitandade 2 amadziwa m'mene phunziro la Chingerezi limayendera. Mphunzitsi amanyamula buku m'mwamba, kutchula chiganizo, ana onse n'kubwereza mokweza mpaka malata kulira. Amafunsa mzere woyamba, wachiwiri, anyamata okha, atsikana okha. Kukoleji anamuphunzitsa kuti ayambe ndi kumva ndi kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba kubwere pambuyo, ndipo asamasulire. Anamuphunzitsanso TALULAR, luso lopanga zipangizo kuchokera ku zopezeka pafupi: makadi a mawu odulidwa ku makatoni a sopo, zilembo zoumba ndi dongo, zitsekerero za mabotolo. Koma kubwereza kwa chigulu kumabisa zambiri. Mwana amatha kuyimba tsamba lonse osadziwa pomwe liwu lina lathera. Chichewa chili ndi mavawelo asanu ndipo chimalembedwa monga chimvekera, pomwe Chingerezi chili ndi mavawelo ochuluka kuposa zilembo zake, ndipo kalembedwe kake sikatsata katchulidwe. Mphunzitsi amene iye mwini sanamvepo kusiyana kwa mamvekedwe amenewa sangakuphunzitse. Ndipo mphunzitsi wa pulayimale si wa Chingerezi chokha. Yemweyo ndi wa masamu, wa ulimi, wa Chichewa ndi wa zamasewero, choncho nthawi ya Chingerezi kukoleji inali kagawo chabe, ndipo yambiri inkathera pa njira zophunzitsira osati pa kukonza Chingerezi cha wophunzirayo.

Aphunzitsi anali osakwanira kale chisanafike chaka cha 1994. Boma linayesa pulogalamu ya MASTEP, yophunzitsa anthu ali pantchito kudzera m'mabuku owerenga okha ndi kukumana pa tchuthi. Kenako boma la Bakili Muluzi linalengeza pulayimale yaulere, ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, ambiri a JCE, n'kuwapatsa maphunziro a milungu iwiri kapena itatu basi. Kuti awasule, mu 1997 munayamba MIITEP: miyezi itatu kukoleji, miyezi pafupifupi makumi awiri akuphunzitsa kusukulu kwawo uku akuwerenga mabuku apadera, kenako kubwerera kukoleji kukalemba mayeso. Makoleji asanu ndi imodzi, a Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, St Joseph's ku Bembeke ndi Montfort ku Nguludi, ankalandira gulu ili likutuluka lina likulowa. M'mazoni munamangidwa malo okumaniramo aphunzitsi otchedwa ma TDC, ndipo alangizi otchedwa ma PEA anapatsidwa njinga zamoto kuti aziyendera ophunzirawo. Mabuku a MIITEP anali m'Chingerezi, ndipo ena mwa oyenera kuwawerenga ankavutika nawo. Palibe angawanyoze anthu amenewa, pakuti ndiwo anagwira makalasi a ana oposa zana pomwe panalibe wina. Koma m'miyezi itatu munthu sangakonze Chingerezi chake n'kuphunziranso kuchiphunzitsa.

M'zaka zomwezo katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'Malawi ndi a ku Zambia pa kuwerenga. Anapeza kuti pa Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, ngakhale a ku Zambia ankaphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira Giredi 1, pomwe pa kuwerenga chiyankhulo chawo ana a m'Malawi anawasiya kutali anzawo owerenga Chinyanja. Kuyamba msanga sikunapindule kanthu. Dziko la Zambia linadzabwerera ku ziyankhulo za makolo m'makalasi oyambirira. Kuno, mu 1996 unduna unatulutsa kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha m'dera lawo, koma mabuku a Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe sanafike m'makalasi, ndipo makoleji sanasinthe kasulidwe kawo. Makolo ambiri anaikana, poopa kuti ana awo atsalira pomwe a anthu olemera akuyankhula Chingerezi kusukulu za mkaka.

Kusekondale nako kunagwa za mtundu womwewo. Malo ophunzirira a MCDE atasandutsidwa ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, aphunzitsi ambiri a pulayimale anapezeka akuphunzitsa galamala ndi mabuku a Fomu 4. Koleji ya Domasi, yomwe inayamba kupereka madipuloma a uphunzitsi wa sekondale mu 1993, ndi Yunivesite ya Mzuzu, yomwe inamangidwa pamalo pa koleji ya aphunzitsi, zinathandiza kukweza ena mwa iwo, ndipo pambuyo pake panabwera koleji ya Nalikule. Kulemera kwa ntchito yawo n'kodziwika: wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi.

Pakati pa zaka za m'ma 2000 MIITEP inalowedwa m'malo ndi IPTE, yolandira a MSCE okha: chaka chimodzi kukoleji, china kusukulu akuyeserera kuphunzitsa, pa TP. Itaunikidwanso, inakhala materemu awiri kukoleji, awiri kusukulu, ndi awiri omaliza kukoleji. Bungwe la DAPP linatsegula makoleji ake kuyambira ndi Chilangoma, boma linamanga ena ku Machinga, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndipo kwa zaka zingapo pulogalamu ya ODL inkasula aphunzitsi a kumidzi ali pantchito. Wailesi nayo inalowapo: pulogalamu ya Tikwere inkamveka m'makalasi oyambirira, mphunzitsi akutsatira malangizo a pawailesi, iye n'kumamva nawo katchulidwe.

Kenako lamulo la maphunziro la mu 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti izi ziyambira Sitandade 1. Chigamulo chinatsogola, kusula aphunzitsi n'kumatsatira m'mbuyo, monga zinachitikira mu 1968, mu 1994 ndi mu 1996. M'kalasi zenizeni, mphunzitsi wa ku Nsanje kapena ku Dowa amawerenga chiganizo m'Chingerezi, kuona nkhope za ana, n'kufotokoza m'chiyankhulo chimene akumva. Ambiri amachita zimenezi mobisa ngati mlandu, chikhalirecho akatswiri a ziyankhulo masiku ano amati kusinthanitsa ziyankhulo mwadongosolo ndi luso loyenera kuphunzitsidwa kukoleji.

Pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016 mothandizidwa ndi USAID, inabwera kafukufuku ataonetsa kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Aphunzitsi a makalasi oyambirira anaitanidwa m'ma TDC kukaphunzira kaphunzitsidwe ka mamvekedwe a zilembo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo anapatsidwa mabuku olembedweratu zoti anene ndi zoti achite: ayambe iye kuonetsa, achite pamodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Ena amadandaula kuti mabukuwa amamanga manja mphunzitsi waluso. Ena amati ndi ndodo yoyendera kwa amene Chingerezi chimamuvuta. Pakadali pano makoleji akutulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka, koma magulu angapo a IPTE akhala akudikira zaka kuti boma liwalembe ntchito. Ena amatengedwa ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa, ndipo ena mwa odziwa bwino Chingerezi amakathera kusukulu zapulaiveti za m'tauni, kumene makolo amalipira kuti mwana wa zaka zinayi abwere kunyumba akuyankhula Chingerezi.